Chitenje cha Anaphiri

Masiku amenewo sitima ya pamtunda inali ikadaima pa Chipoka pano n'kumatsitsa anthu ndi mitolo yawo, ndipo inu anyamata a kabaza munali musanabadwe, kapena ngati munalipo ndiye kuti munali kumsana mukudontha dovu. Sunthirani njingazo kukhonde kuno, mvulayi siikata msanga, ndipo iwe Fatsani ika foniyo m'thumba, siithawa. Wati mlongo wako akupita ndi anzake a kusukulu ku myuziyamu, ndipo ukuseka kuti munthu wanzeru sangakwere basi kukaona mapale. Seka ndithu, mwana wanga. Nanenso ndinasekapo, ndipo kuseka kwanga kunali kokoma kuposa kwakoko chifukwa mano anali akadali onse.

Ine kuno ndinabwera chikamwini. Kwathu ndi kumapiri uko, koma ndinatsatira mayi anu aakulu, malemu Anaphiri, ndipo munda umene tinkalima unali wawo, wowasiyira amayi awo. Unali pakachitunda kumtunda kwa njanji, malo okhawo m'mudzi mwathu amene madzi sankafikako. Kudambo tinalinso ndi kachigawo, koma kumeneko kunali kulima mwamwayi, chaka china ukolola, chaka china ukapeza achule akuimba pamene unadzala. Chinangwa cha pachitundapo ndicho chinkatisunga, ife ndi ana athu, mvula ichuluke kapena ichepe.

M'mundamo tikamalima, khasu linkafukula mapale ambirimbiri, ena okhala ndi timizere tokongola m'mbali, ndipo ife tinkangowaponya kumalire, aakuluwo n'kumamwetseramo nkhuku. Kaya anakaulula ndani, koma chilimwe china kunabwera galimoto ya anthu osunga zinthu zakale. Wowatsogolera anali mayi wina wachitsikana, mayi Kamanga, atavala chitenje pamwamba, pansi jombo, ndipo anali ndi anyamata awiri omuthandiza. Anapita kwa amfumu, kenako kwa alamu anga a Jailosi, amene anali mwinimbumba, n'kupempha kuti akumbe pangodya imodzi ya munda, akatha akwirira. A Jailosi anavomera. Ine sanandifunse, paja mkamwini amamva nkhani ikatha.

Ndiye kakumbidwe kake, ana inu. Anakhoma zikhomo, n'kumanga tizingwe ngati akuyala maziko a khola la nkhunda, kenako anthu aakuluakulu, ophunzira, anagwada pansi n'kuyamba kupala dothi ndi kachitsulo ka amisiri omanga nyumba kaja. Akapala pang'ono, asese ndi burashi, ndipo dothilo akalisefe pasefa ngati ufa wa mlendo. Adzukulu a m'mudzi mwathu, amuna oti manda amakumba tiyi asanazizire, ankabwera kudzaima pambali atagwira m'chiuno, akupukusa mitu ndi chisoni. A Jailosi anachita kuwatengera khasu lawo latsopano, poganiza kuti mwina boma lawasiya opanda zida, koma mayi Kamanga anathokoza bwinobwino n'kuliimika pamtengo. Sabata inatha dzenje lisanafike m'mawondo. Inu a lero simukanapirira, inu amene nkhani ikatalika pang'ono chala chimayabwa kufuna kukankha galasi la foni.

Koma mayiyo anali ndi khalidwe limodzi limene linatikoka. Dzuwa likapendeka ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuikapo zonse zimene apeza tsiku limenelo, ndipo aliyense wobwera, kaya ndi wogulitsa usipa kaya ndi mwana wa sukulu, ankamupatsa kuti agwire. Ankatiuza kuti makala awa ndi moto umene wina anasonkha, minga iyi ndi nsomba imene wina anadya, chimwala chakuda ichi ndi zotsalira pamene ankasungunula chitsulo. Ife tinkabwera kudzaseka, koma pobwerera tinkakangana njira yonse ngati nsombayo inali chambo kapena kampango.

Tsiku lina m'mawa tinaona ntchito yaima. Mayi Kamanga anabwera kunyumba kwathu, anavula jombo, anakhala pamphasa pafupi ndi Anaphiri, ndipo atatumiza uthenga kwa a Jailosi n'kuwadikira kuti afike, anati, "Amayi, m'munda mwanu tapezamo munthu."

Mukudziwa inu mwambo wathu, kapena mafoniwa sanakuuzeni? Pamene pagona munthu salimapo. Pamasiyidwa pamere msitu, ndipo khasu lolowapo ndi la adzukulu lokha. Tonse tinaona nthawi yomweyo kuti chinangwa chathu chili pamoto. A Jailosi anayamba kutuluka thukuta m'mawa wozizira, n'kunena kuti, "Mayi, ameneyo si wathu. Manda athu ali kuseri kwa tchalitchi, agogo athu onse timawadziwa pamene ali. Mutengeni mupite naye, galimoto muli nayo."

Mayi Kamanga anayankha kuti njira zilipo ziwiri. Akhoza kunyamula mafupawo kupita nawo kutauni, akawapime, akawasunge m'bokosi mosamala, munda n'kutsala woyera. Kapenanso akhoza kuwapima pomwepo, kujambula, n'kukwirira monga anawapezera. "Koma sindichita chilichonse mudzi usanaone ndi maso ake," anatero. A Jailosi anamva njira yoyamba yokha, yachiwiriyo inadutsa pamwamba pa chipewa. Inenso mtima wanga unali kubokosiko, chifukwa ana anali aang'ono ndipo mimba zawo sizinkadziwa mbiri yakale. Koma ine, amene ndinawadziwa bwino Anaphiri, ndinayamba kuda nkhawa, chifukwa ndinaona kuti mkati mwawo mukuwira.

M'mawa mwake mudzi wonse unakhamukira kumundako, mpaka asodzi anasiya maukonde padzuwa. Tinazungulira dzenje lija, amuna kutsogolo monga mwa chizolowezi chathu, amayi kumbuyo akusuzumira m'mapewa. Mayi Kamanga anachotsa pang'onopang'ono pepala la pulasitiki limene anafunditsa, ndipo tinamuona. Anagona chammbali, mawondo atapinda, ngati munthu amene wagona kukuzizira, kumutu kuli kamphika kathunthu.

Mayiyo anayamba kufotokoza ndi mawu otsika. Anati munthuyu anakhala pano kalekale, agogo a agogo athu asanafike. Anatisonyeza fupa la mkono limene linathyoka n'kulumikizikanso, n'kunena kuti pamenepa pali umboni woti wina ankamuphikira ndi kumutungira madzi mpaka anachira. Kenako anati mafupa a m'chiuno akusonyeza kuti anali mayi, ndipo analoza ndi kaburashi kake timikanda toyera, tili ndondondo kuzungulira m'chiunomo.

Amuna onse makosi anatalika. A Jailosi, mkulu wa mpingo, anachita kuwerama mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugweramo. Musaseke, inunso mukanatero, ndipo inu mukanatulutsa mafoni.

Pamenepo ndinamva chigongono m'nthiti, Anaphiri akudutsa. Anaima m'mphepete mwa dzenje n'kufunsa kuti, "Mwati ndi mayi?"

"Eya, amayi."

"Nanga mikanda ya m'chiuno mwa mayi amaonera gulu chiyambire liti?"

Sanadikire yankho. Anamasula chitenje chapamwamba, chatsopano, chimene ndinawagulira ine nditagulitsa mbuzi, ndipo anatsikira m'dzenjemo mosamala, osaponda pena paliponse pamene panali kachingwe, n'kumufunditsa mayi uja kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi. Anakonza m'mbali monga mmene amachitira ndi mwana akagona. Kunja kuno ndinaona zipewa zikutsika chimodzichimodzi, amuna akubwerera m'mbuyo maso ali pansi, ndipo amayi anayamba kukhala pansi miyendo atatambasula, monga amakhalira pasiwa.

A Jailosi anayandikira. "Mlongo wanga, mwadziwa chimene mwachita? Mwapereka nsalu. Anthu onsewa aona. Tsopano maliro awa ndi anu."

"Ndadziwa, achimwene."

"Nanga ana mudyetsa chiyani?"

"Chinangwa cha pamutu pake tadya zaka zonsezi osamupatsa ndi moni yemwe. Lero ndimukweze galimoto ali chonchi, akagone m'bokosi kwa anthu osamudziwa? Iyayi. Amene anamumanga mkono uja kulibe, ndiye ndatsala ine."

Nkhani inathera pomwepo. Mayi Kamanga anapempha kwa mwini maliro kuti amalize kupima, ndipo Anaphiri analola, koma anaika lamulo lawo. Amayi anayi ankaima mozungulira atatambasula zitenje, mkatimo muli mayi Kamanga ndi Anaphiri okha, ndipo anyamata ophunzira aja anatumizidwa kumjigo kukatsuka mapale. Mphika wa kumutu ndi mikanda sanachotse. Anatenga mapale a pamwamba ndi timakala pang'ono. Tsiku lokwirira, adzukulu athu anapeza mpata woonetsa luso lawo, ndipo dzenje limene anthu aja anakumba mwezi wathunthu iwo analitseka nyimbo yachiwiri isanathe.

Ine ndinali ndikadali ndi kachiyembekezo koti tisiya ngodya yokhayo, kwinako tizilima. Ndinamufunsa mayi Kamanga pambali ngati munthuyo anali yekha. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti sangandinamize, kawirikawiri pamene pagona mmodzi pamakhala enanso pafupi. Basi, chitunda chonse chinapita. Tinazula chinangwa chomaliza, ndipo khasu silinabwererenso.

Musaganize kuti kumwamba kunatipatsa mphoto. Dzinja lotsatira dambo linasefukira, chimanga chonse chinagona m'madzi, ndipo tinavutika zedi. Ine ndinkapalasa njinga mpaka ku Chinguluwe kukagwira ganyu m'minda ya thonje, Anaphiri akuphika mango aawisi kuti ana agonere. Zinandiwawa, ndipo ndinkadandaula mokweza, makamaka ndikadutsa pachitundapo n'kuona udzu ukusangalala pamene panali chakudya changa. Tsiku lina ndinati, "Mwaona, Anaphiri, m'bale wanu uja sanatitumizireko ngakhale kachinangwa kamodzi." Iwo anati, "Inunso abale anu akumapiri atumiza chiyani?" Ndipo analidi asanatumize kanthu.

Patapita miyezi mayi Kamanga anabweranso, n'kuyala zithunzi ndi mapale m'kalasi ya pasukulu yathu kuti aliyense adzaone. Anatiuza kuti makala aja asonyeza zaka mazanamazana, zoti mutu wanga sunathe kuzisenza. Pa zithunzi zonse panalibe chooneka m'chiuno, mayi uja anajambulidwa atafunda chitenje cha maluwa ofiira. Anaphiri anakhala kutsogolo pampando wa aphunzitsi, manja ali pamiyendo, ndipo aliyense wolowa ankayamba wawapatsa moni iwo. A Jailosi ndi amene anadziika kukhala wofotokozera alendo, akunena kuti "agogo athu awa" mokweza kuposa wina aliyense, munthu yemwe uja anati "galimoto muli nayo."

Lero pachitundapo ndi msitu, mumauona kumanzere mukamapita ndi makasitomala anu kumtunda kwa njanji. Mitengo yake yakula moti ana a masiku ano amayesa unalipo chiyambire. Anaphiri atadwala matenda awo omaliza anaitana ana ndi adzukulu, ine ndili pomwepo, n'kunena kuti asawatengere kuseri kwa tchalitchi. Anati kumeneko anthu ndi ambiri, sakasowa wocheza naye, koma mnzawo uja wakhala yekha nthawi yaitali. Abusa anayamba azengereza, kenako anabwera ndi buku lawo, ndipo tinawaika pomwepo, mapazi ochepa kuchokera pamene panali dzenje lija. Ndinalira ngati mwana, ana inu, ndipo ndimawasowa mpaka lero.

Ndiye mukamadutsa pamenepo musamalize mabelu anu, ndipo tinyimbo ta m'matumbato muzititsitsa pang'ono. Pagona amayi awiri. Ngakhale kunena zoona, mmene ndinkawadziwira mayi anu aakulu, ndikukayika ngati mnzawoyo wapezako tulo chifikireni iwo.