A Amon Daka ndi nsomba yosachoka pamwala wake

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1961 kwa Ndake, m'boma la Nyimba. Ndiwo a Amon Daka, ndipo ine ndaima pano ndine Hilary, mng'ono wawo. Sukulu anayambila komweko, sekondale ku Petauke. Mu 1983 anapita ku Tanzania kukaphunzila za nsomba za m'nyanja yamchele, munthu amene kusambila anaphunzilila m'zithaphwi.

Mu 1987 anakwatila amai Christabel Mumba. Ntchito inali kutali, choncho amaiwa ndiwo anazula zitsa m'munda uwo, naumba njelwa za nyumba ino.

Zaka zonsezo malemu ankatsata kansomba kamodzi, kobiliwila, kamawanga achikasu, kamlomo wautali, khungu lokhakhala ngati tupa. Nsombazi zimayenda ziwiliziwili, yaimuna ndi yaikazi, ndipo zimadya tizilombo ta pamiyala yamoyo yanthambinthambi ya pansi pa nyanja, mtundu umodzi wokha basi. Mu 1998 madzi anatentha, miyalayo inayela n'kufa, nsombazo zinasowa. Chaka chimenecho akulu anga anabwela ataonda.

Nanga ife kuno tinawathandiza chiyani? Tinkangofunsa ngati ndi ndiwo. Mu 2009 anabwela ndi kansomba kamodzi kotele m'botolo la mankhwala kuti akaonetse ana asukulu. Wachibale wina, ali pompano, anataya mankhwalawo n'kukayanika padenga ngati kapenta. Khwangwala anatola. Zimandiwawa mpaka lelo.

Anapuma ntchito mu 2021. Matenda a shuga anawavuta zaka zitatu, ndipo anatisiya pa 14 Juni 2024 kuchipatala ku Petauke.

Tsono apa mundimve bwino. Mailo, dzulo lomweli, bokosi lisanafike n'komwe, ena a ife akuchimuna anali kale m'munda kuponda malile, ati amaiwa abwelele kwawo. Kodi manyazi tilibe? Malemu ali gone m'chipatala anandiuza, abusa ali pomwepo, kuti nsomba ija ukaichotsa pamwala wake imakana chakudya mpaka kufa, ndiye akazi awo asasunthidwe. Nsomba munayanika, tinakhala chete. Apa pokha sitikhala chete.

Asiya amai Christabel, ana awili, a Karen ndi a Abraham, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, amai a chigwilizano ndi anyamata okumba manda.

Akulu anga, usani mumtendele. Mlamu wanga sachoka pano, ndipo mvula ikagwa adzala okha munda wawo.