Sitika Yofiira pa Chitseko cha Bwana

Zaka zitatu ndakhala ndikuyendetsa ofesi yolimbana ndi udzudzu ngati wogwirizira chabe, mpaka apongozi anga anasiya kunditchula bambo a ana, amangoti a Ogwirizira. Tsiku limene mayi a kulikulu amabwera leveni koloko kudzaona ngati ndingakhazikitsidwe pampando, ndinafika teni koloko, nditametetsa, nditavala suti ya pa ukwati wanga imene batani lake lapakati linasiya kalekale kugwirizana ndi mimba, n'kupeza sitika yofiira itamatidwa pachitseko cha ofesi yanga.

Chowawa n'chakuti sitika imeneyi ndi nzeru zanga zomwe. Ndine ndinalemba lamulo lakuti nyumba yopezeka ndi mphutsi za udzudzu m'madzi imatidwe yofiira kwa masiku asanu ndi awiri, aliyense wodutsa aone, ndipo yopanda mphutsi imatidwe yobiriwira. Linathandiza, sindinganame. Anthu anayamba kuboola matayala akale ndi kuvundikira migolo, mzere wa odwala malungo kuchipatala n'kufupika. Ndinkadzitama nalo pamisonkhano mpaka anthu kumayasamula osabisa.

Womata masitika ndi a Chipande, mkulu amene anayamba kuyendera nyumba ine ndili ku pulayimale. Dzinali anawapatsa chifukwa cha chipande cha mpini wautali chimene amatungira madzi m'zithaphwi pofufuza mphutsi. Ndinawapeza pabenchi la pakhonde, akupukuta chipandecho ndi kansanza.

"A Chipande, ichi n'chiyani?"

"Sitika, bwana. Yofiira."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti ikutani pachitseko changa."

"Yangokhala, bwana. Guluu wake ndi wabwino."

Iwo anandikumbutsa mofatsa kuti sabata yatha ndinalamula kuti nyumba zonse za mu msewu wathu ziyenderedwe alendo asanafike, osadumpha ngakhale imodzi, ndipo ofesi yathu ili mu msewu wathu, nambala 14. Anafuna kupitiriza kuti m'mawa muja kunachitika zakutizakuti, koma ndinawadula. Ndinati nthawi ya nkhani palibe, aziyankha zimene ndafunsa basi.

"Mphutsizo mwazipeza pati?"

Anandilowetsa mu ofesi n'kuloza pamwamba pa kabati ndi chipande chija. Pamenepo panali chikho chimene tinapambana chaka chatha, cholembedwa bwinobwino kuti Ofesi Yopambana pa Ukhondo. Denga limadontha pakona imeneyo, ndipo mwezi watha, nditasowa ndowa, ndinasunthira chikhocho pansi pa dontho ndi manja angawa, n'kudziyamikira kuti ndine munthu woganiza msanga.

"Makumi asanu ndi zitatu, bwana. Zonenepa bwino. Khumi ndatapa, zili m'botolo. Zotsalazo amakhuthula yekha mwini malo."

"Chabwino, ndikhuthula. Inu chotsani sitika."

"Lachiwiri la mawa, bwana."

"Alendo akubwera lero."

"Aipeza."

Ndinayamba ndi njira ya ulemu. Ndinawakhazika pampando wa alendo, ndinawafunsa za bondo lawo limene limawavuta, ndinawafotokozera kuti lamulo timalembera anthu osadziwa, pamene ife tikudziwa kale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundiuza kuti bondo lili bwinoko, ndipo kuti mphutsi za m'chikho changa sizinasiyane ndi za anthu osadziwa, anaziyang'ana pa galasi.

Ndinachotsa kalendala pakhoma n'kuiyeza pachitseko. Inaphimba bwino lomwe.

"Ndikatenge chimkuzamawu, bwana?"

"Cha chiyani?"

"Ndime yachinayi. Wophimba sitika dzina lake limalengezedwa mu msewu wonse, katatu."

"Analemba ndani zopusazo?"

"Inu, bwana. Tsiku lija a butchala anaphimba yawo ndi chithunzi cha ng'ombe."

Ndinabwezera kalendala pamsomali. Kenaka nzeru ina inandifikira: ndinatsegula chitseko chonse mpaka chinagunda khoma, kuti sitika iyang'ane kukhoma. Nditatembenuka kuti ndiwamwetulire, ndinaona ina yofiira kuseri kwa chitsekocho, yowala ngati tomato. Imeneyo inali ndime yachisanu ndi chimodzi, imene ndinawonjezera ndekha chifukwa cha telala wina amene anagwira ntchito sabata yonse chitseko chili chotsegula. Ndikukumbuka kuti tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

"Ndikupanga apilo," ndinatero.

"Ndi ufulu wanu, bwana. Madandaulo amapita kwa mkulu wa ofesi."

"Ndine. Ndadandaula, ndamva, ndavomera. Chotsani."

"Madandaulo mumamva Lachisanu. Lero ndi Lachiwiri."

"Ndikusintha tsiku."

"Komanso wodandaula amayamba wakhala nawo pa phunziro la Lachinayi, lija la kuopsa kwa madzi osayenda."

"Phunzirolo ndimaphunzitsa ndine."

"N'chimene ndimafuna kufunsa, bwana, chifukwa mipando ndimayala ndine. Mudzakhala kutsogolo kapena pa benchi?"

Ndinawayang'anitsitsa kufuna kuona ngati akundiseka. Ayi ndithu. Anali atatulutsa kale pensulo kuti alembe yankho langa. Wotchi ya pakhoma inkati teni koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri, ndipo thukuta linali litayamba kuyenda mumsana, m'kati mwa suti ija.

Pamenepo ndinasiya ubwana, ndinayamba kuchonderera. Ndinawauza zoona zokhazokha: kuti zaka zitatu n'zambiri, kuti ndatopa kusayina makalata ndi mawu oti wogwirizira pansi pa dzina langa, kuti mkazi wanga wauza kale alamu anga onse kuti abwere madzulo ano, ndipo wamkuluyo, amene amandiyang'ana ngati ndinalowa m'banja mwawo kudzera pawindo, wavomera kubwera koyamba. Ndinati mayi a kulikulu akaona mkulu wa ofesi ya udzudzu akuweta udzudzu m'chikho cha ukhondo, ndiye kuti ndatha.

A Chipande anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti chisoni chawagwira ndithu.

"Zimapweteka, bwana. Mayi aja ogulitsa makala analiranso chimodzimodzi."

"Mayi ati?"

"A pa nambala 31. Ukwati wa mwana wawo unali Loweruka, ife tinamata Lachinayi, chifukwa cha kachitini kamodzi kuseri kwa bafa. Anabwera kudzagwada pomwe mwaimapo."

"Ndiye ndinati chiyani?"

"Munati udzudzu suyang'ana kalendala. Tinaombera m'manja tonse."

Manyazi anandigwira, ndivomere. Anandigwira mphindi imodzi yathunthu. Yachiwiri ndinali nditakhala kale padesiki, ndikusolola pepala la ofesi. Ndinazindikira kuti munthu uyu simungamugonjetse ndi pakamwa, amamvera zolembedwa, ndipo zolembedwa muno ndimalemba ndine. Anayesanso kunena kuti pali kanthu kena ka m'mawa kamene mwina ndikanafuna kudziwa ndisanalembe. Ndinakweza dzanja osawayang'ana n'komwe, ndinati ndikafuna kudziwa kanthu ndifunsa.

Ndinalemba ndime yatsopano, yakhumi ndi chiwiri: mwini malo akakhuthula madzi pamaso pa woyendera, malowo ayenderedwenso tsiku lomwelo, ndipo akapezeka aukhondo sitika isinthidwe pompo. Ndinasayina, ndinadinda chidindo mwamphamvu mpaka kapu ya tiyi inadumpha. A Chipande anavala magalasi, anawerenga kawiri milomo ikuyenda.

"Palibe tsiku, bwana."

Ndinalemba tsiku.

"Ndi nthawi imene layamba kugwira ntchito."

Ndinalemba kuti hafu pasiti teni.

"Likugwiranso kwa a nambala 31?"

"Ukwati unadutsa kale. Tiyeni."

Anakhomerera pepalalo pabolodi la zidziwitso la pakhonde, monga timachitira ndi malamulo onse atsopano, ndi mapini anayi. Ine ndinakwera pampando, ndinatsitsa chikho, madzi obiriwira aja n'kundidonthera pa tayi. Ndinafuna kukhuthulira m'sinki koma anakana, anati timaphunzitsa anthu kukhuthulira pa dothi louma, padzuwa. Ndiye ndinayenda nacho mpaka pabwalo, manja awiri, pang'onopang'ono ngati ndikuchilandira kachiwiri. Ndinachitsuka ndi sopo, ndinachipukuta ndi mpango wa m'thumba la jekete, n'kuchivundikira chadodolido.

Kuyendera kwachiwiri kunandikalambitsa. Mkulu uja anagwada ndi bondo lake lovutalo kusuzumira kuseri kwa firiji. Ananyamula mphika wa maluwa kuona kambale ka pansi. Anatsegula ketulo. Anaunika ndi tochi m'nsapato za mphira zimene zili pakona, imodziimodzi. Ine ndikungopondaponda, maso pa wotchi. Pamapeto anaimirira, anadzikuntha fumbi, anakanganula masitika ofiira onse awiri ndi kampeni, anawadula tizidutswa ndi sizasi kuti wina asakamate pakhomo pa mnzake, n'kumata yobiriwira pakati penipeni pa chitseko. Anaisalaza ndi chikhatho.

Mtima unakhala pansi. Ndinamva kukoma kumene sindinakumve chikhalire, mpaka ndinawasisita paphewa. Ndinati aone mmene munthu wophunzira amathetsera mavuto popanda kuphwanya lamulo ngakhale limodzi. Kunali kutatsala mphindi khumi kuti leveni koloko ikwane.

"Tsono mayi aja akafika, inu muime apa. Akakufunsani, munene kuti zonse zili bwino. Nkhope yawo mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa, bwana. Ndi aatali, ovala magalasi."

"Munawaonera kuti?"

"Muno, bwana. Eyiti koloko."

Ndinachotsa dzanja paphewa pawo. Anafotokoza osathamanga kuti mayiwo anafika msanga, anawapeza akuyamba kuyendera ofesi, n'kupempha kuti aziwatsatira. Chikho chija anatsitsa ndi iwowo, poona kuti bondo la a Chipande silingakwere pampando. Mphutsi anawerenga limodzi. A Chipande anapeza makumi asanu ndi ziwiri, mayiwo anaona ina imene inabisala m'mphepete.

"Anakwiya?"

"Anaseka, bwana. Anati denga limadontha ngakhale kulikulu."

"Ndiye ali kuti?"

"Anapita kuchipatala kukaona chiwerengero cha odwala malungo. Anati mapepala anu onse anawerenga kale, ndi abwino. Abweranso leveni koloko kudzaona chinthu chimodzi chokha, akatero asayine."

"Chinthu chanji?"

"Ngati sitika yofiira ikhale ikadali pachitseko."

Ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana tizidutswa tofiira m'bini, ndinayang'ana pepala la pabolodi lokhala ndi siginecha yanga, chidindo changa, ndi nthawi yake yomwe, yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati anayamba kawiri, ndipo kawiri konse ndinawauza kuti ndikafuna kudziwa ndifunsa.

Panja, geti linalira. Mlonda anali akutsegulira galimoto.

"A Chipande, achikulire, bambo anga. Matani yofiira."

"Pa chifukwa chanji, bwana?"

"Mphutsi."

"Zili kuti?"

Ndinathamangira pabwalo pamene ndinakhuthula paja. Dothi linali litamwa kale zonse, padzuwa, monga timaphunzitsira. Ndinabwerera wefuwefu.

"Botolo lija. Khumi zija. Tizibwezere m'chikho."

"Ndinathiramo mankhwala osungira, bwana. Zakufa sitiwerenga."

"Ndifafaniza ndime yatsopanoyo."

"Mukhoza. Koma iyamba kugwira pa kuyendera kotsatira. Lero tayendera kale kawiri."

Chitseko cha galimoto chinatsekedwa. Ndinamva nsapato zikubwera pa simenti ya pakhonde, kenaka zinaima, ndendende pamene pali bolodi la zidziwitso. Ndinawagwira mkono mkulu uja, ndinanong'ona kuti ndikuwapempha ngati munthu, osati ngati bwana, kasitika kamodzi kokha kofiira, ngakhale kakang'ono.

Anachotsa dzanja langa mwaulemu, anandiwongolera tayi yonyowa ija, n'kuima pambali pa chitseko pamene ndinawauza kuti aime.

"Pepani bwana, lamulo silindilola. Muno ndi mwaukhondo."