Dzina la Telala pa Chitunda cha Mbumba

Pakhonde la sitolo ina, moyang'anana ndi minda ya mpunga ya ku Likangala, pamakhala telala, a Pitala Namalowa, mkamwini amene imvi zamupeza ali pamudzi wa akazi awo, a Elenala. M'mawa wina anaitanitsa alamu awo, a Fanuelo, mwinimbumba, kuti awapemphe chitunda cha banjalo, malo okhawo amene madzi a Chilwa safikapo, kumene mbumba yonse imathawira nyanja ikasefukira.

A Pitala sanayambe ndi pempho. Anayamba ndi Ulaya. Anafotokoza kuti namwino wina wodzasoketsa anawaonetsa pafoni zimene akuchita eni makampani osoka zovala zodula: masiku ano akuika maina awo pa nyumba zosanja za anthu olemera, ndipo nyumba ikangolandira dzina, mtengo wake umakwera koopsa. Tsono iwonso, pokhala munthu wosokerera dzina lake pakolala ya chovala chilichonse, anatsimikiza zomanga nyumba yotero pachitundapo ndi kuigulitsa kwa a Saidi, mkulu wogula matemba. Msika wonse unali utamva kale.

"Dzinalo limaletsa kudontha?" anafunsa a Fanuelo, akukhala pathumba la madeya.

"Dzina si malata, alamu."

"Limaingitsa chiswe?"

"Limakweza mtengo."

"Ndiye kuti nyumba yake ndi yomweyo, koma wogula alipire zochuluka."

"Mwayamba kumva."

"Ayi, ndimayesa kuti ndamva molakwa."

A Fanuelo ndi munthu amene amatenga mawu monga aperekedwera, osachotsapo kapena kuonjezerapo, khalidwe losowa m'dziko lino. Choncho anafuna kudziwa ngati nyumbayo idzamangidwa monga telala amagwirira ntchito. Kodi a Saidi adzayezedwa kukula kwa mimba khomo lisanaikidwe? A Pitala anati ayi. Kodi adzaisiyira malo okulira, monga amachitira ndi yunifolomu ya mwana wa sukulu, imene imafika m'mawondo mwini wake atasiya kale sukulu? A Pitala anati nyumba siikula. Nanga njerwa zotsala zidzakhala za telala, monga zimakhalira zidutswa za nsalu? Apa a Pitala anayang'ana kumbali, pakuti mtsamiro umene anakhalira unali wa zidutswa za anthu a mpingo wonse.

"Nanga idzatha liti?"

"Mvula isanagwe."

"Mvula ya chaka chiti? Diresi la Khirisimasi la mayi busa munalipereka pa Pasaka."

"Ntchito yabwino siithamangiridwa."

"Zoona. Koma mayi busa anadikira ali m'nyumba. A Saidi adzadikira ali kuti?"

Telala anavula tepi m'khosi, naipinda mwaukali, naibwezeranso m'khosi momwemo. Anati vuto la anthu a kugombe kuno ndi kusadziwa fashoni. Nyumba yawoyo idzakhala ya fashoni ya chaka chino, yosafanana ndi ina iliyonse kuyambira ku Kachulu mpaka ku Chisi. A Fanuelo anavomera ndi mutu, kenaka anakumbutsa kuti iwo omwe a Pitala ndiwo amauza amayi chaka ndi chaka kuti manja otukumuka anatha, asoketse ena.

"Fashoni ya nyumbayo ikatha, a Saidi adzaivula?"

"Olemera amagula ina."

"Yakaleyo imapita kuti?"

"Imagulitsidwa kwa ena."

"Ndiye imabwera pa kaunjika," anatero a Fanuelo, nkhope itawala. Anatembenuza kolala ya jekete lawo, naonetsa kansalu kolembedwa dzina lachilendo. Anati jeketelo, malinga ndi wogulitsa, linasokedwa ndi mmodzi wa akuluakulu a ku Ulaya omwewo, ndipo iwo analitola pamulu, nalisinthanitsa ndi mbale ya mpunga. Amavala poingitsa mbalame m'munda. "Bwanji tingodikira, alamu? Nyumbazo zikawakwana, zifika Lachiwiri pamsika."

"Nyumba siilowa m'belo."

"Ndiye yaipa kuposa jekete."

A Pitala anasintha njira. Anati chimene olemera amalipira kwenikweni ndi maonekedwe: kudzuka m'mawa, kutsegula zenera, ndi kuona nyanja. A Fanuelo anafunsa kuti nyanja iti, popeza yathuyi ili ndi miyendo. Zaka zina imachoka osatsazika, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi panjinga. Zaka zina imabwera yokha kudzagona m'nyumba. Chaka chimene yachoka, kodi a Saidi adzabwezeredwa za zenera? Apa telala anaulula chimene anachisunga ngati chomalizira: padenga padzakhala dziwe losambiramo, monga anaonera pafoni paja.

"Madzi padenga," anatero a Fanuelo pang'onopang'ono.

"Padenga."

"Oikidwa dala."

"Ndi mmene amakhalira anthu apamwamba."

"Alamu, chibadwire ine ndakhala ndikulimbana ndi madzi kuti achoke padenga. Pali chitunda chimodzi chouma m'mudzi muno, ndipo inu mukufuna kuchinyowetsa kuchokera kumwamba."

Pamenepo telala anaimirira, mawu ake anasintha, ndipo chilungamo chikufuna kuti zimene ananena zilembedwe mosazichepetsa. Anati pamudzi pano analima, anafolera nyumba za apongozi, anakumba manda a anthu amene sanali abale awo, koma palibe mtengo ngakhale umodzi umene angauloze n'kunena kuti ndi wawo. Dzina lawo limakhala kuseri kwa makosi a anthu, kumene limangomwa thukuta. Akufuna khoma limodzi lokha lolembedwa P. Namalowa. Akakanizidwa, amanga makina awo panjinga ndi kubwerera kwawo ku Phalombe lero lomwe.

"Tayala lakumbuyo lilibe mpweya," anatero a Fanuelo, atasuzumira njingayo.

"Ndikankha."

"Mukafika mawa. Elenala mwamuuza?"

"Mukamuuza ndinu."

Izi a Fanuelo sanazifune. Kupereka chitunda kunali kugulitsa pothawira pa ana a alongo awo onse. Kukana kunali kukauza mlongo wawo kuti ukwati wake watha chifukwa cha foni ya namwino. Anakanda chibwano, kenaka anati avomera, koma zonse zichitike ndendende monga ku Ulaya, osaphonya kanthu. A Pitala anakhalanso pansi mwachigonjetso, nati zimenezo ndi zomwe akhala akupempha.

"Atelala a kumeneko amaumba okha njerwa?"

"Sagwira dothi. Amamanga ndi eni malo."

"Malowo amakhala a yani?"

"A eni ake. Iwo amangobwereketsa dzina."

"Dzina lililonse?"

"Lodziwika, alamu. Loti ukalitchula, ndi mwana yemwe adziwe."

A Fanuelo anati zimenezo n'zosavuta kuyesa. Pamseu pankadutsa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, atasenza dengu la mpunga. Anamuimitsa mwaulemu, namufunsa ngati akudziwa P. Namalowa. Mayiyo anaganiza kwambiri, nati mwina ndi mankhwala atsopano opopera mbozi, koma iye sanawagwiritsepo ntchito. Atamufunsa amene anasoka bulawuzi imene anavala, anaseka, naloza ndi mlomo, nati ndi awo akhala apowo, amuna a Elenala, ndani sakuwadziwa? Anaonjeza kuti kwawo konse, munthu akafuna kusoketsa, amati akupita kwa Elenala. Anatsazika, napitiriza ulendo wake ndi dzina losadziwikalo kuseri kwa khosi.

"Ameneyo ndi mbuli," anatero a Pitala.

"Tiimitse wina?"

"Musavutike."

"Pakubwera a katekisiti apo."

"Ndati musavutike."

A Fanuelo anasasa madeya pathalauza, nalongosola chigamulo chawo modekha, monga munthu wowerenga malangizo a pabotolo. Mwa lamulo la ku Ulaya, malo amatsala kwa eni ake. Choncho chitunda chitsala kwa mbumba. Mwa lamulo lomwelo, pakhoma pamaikidwa dzina lodziwika. Ndipo dzina lodziwika, monga amvera onse awiri, ndi la Elenala. A Pitala anati ngati ndi choncho, imangidwe nyumba ya dzina la Elenala, iwo adzakhale oyang'anira, pakuti sangabwerere kumsika chimanjamanja.

"Palibe chifukwa chomangira," anatero a Fanuelo, akuimirira. "Nyumba ya dzina lodulalo ilipo kale, alamu, pamalo a mwini wake, ndipo inu mwakhala mukugonamo ulele. Mukapita ku Phalombe, mundiuze msanga, ndikweze mtengo."