Chingwe Chimene Chinagwetsa Agulugufe

Ine, Eufemia Garduño Sámano, wa zaka 54, wa m'mudzi wa Loma Fría ku Michoacán, ndimakweza alendo pa hatchi kupita kunkhalango kumene agulugufe ochokera kumpoto amathera nyengo yozizira. Amuna anga, a Crescencio, ndi alonda a nkhalangoyo. Ali m'chitokosi chanu chino cha polisi kuyambira Lolemba.

Mu Febuluwale, m'mawa wina kukuzizira koopsa, ndinakweza wojambula zithunzi wa kumzinda, Leandro Urquiza. A Crescencio anatsala kuchipata cha nkhalango, koma anandibwereka chingwe chawo chofiira chokokera hatchi. Panjira ndinamuuza mlendoyo kuti kwathu kuno agulugufe timawatenga ngati akufa athu obwera kudzationa, ndiponso kuti mwana wanga Remedios ndinamuika m'manda chaka chatha.

Tinapeza agulugufe ataunjikana panthambi, ali zii. Ndinamuuza kuti adikire dzuwa, chifukwa kukazizira sauluka. Iye anati, "Mayi, ine mphoto sindiwina ndi zinthu zogona."

Anamasula chingwe pahatchi, n'kuchiponya panthambi yaikulu, n'kukoka. Agulugufe anakhuthukira pansi ngati chimanga chotayika m'thumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anauluka. Ndinagwada n'kuyamba kuwatolera m'nsalu yanga, ndikuwauzira mpweya kuti afunde. Ndinkalira.

Iye anayandikira, akuwaponda ndi nsapato, zikumveka phwa phwa. Anati, "Musapukute misozi, ikukukhalani. Tolani uyo, mwina ndi Remedios wanu uja." Anajambula mpaka kukhuta. Chingwe chinakola m'mwamba, ndipo chinatsala pomwepo.

Nditatsika ndinauza a Crescencio zonse. Iwo anakanena kwa akuluakulu a nkhalango, koma akuluakuluwo anawabweza, amvekere mlendo wotere sanamiziridwa.

Mwezi watha chimodzi mwa zithunzi zake zija chinawina mphoto yaikulu. Pansi pake analemba kuti anthu a m'mudzi, mwa umbuli wawo, ndi amene akupha agulugufe. Kumtunda kwa chithunzicho kukuoneka chingwe chofiira chija, ndipo mudzi wonse ukuchidziwa. N'chifukwa chake munabwera kudzawatenga a Crescencio, ndipo akuti adzakhala zaka kundende.

Wojambulayo ndimadana naye, lembani zimenezo momwemo. Anachita kunditumizira chithunzicho, choikidwa m'galasi, ati mphatso. Ndabwera nacho, ndi ichi. Wogwadayo ndine. Chingwecho n'cha amuna anga, sindikukana. Amene anachikoka simumuonamo, chifukwa ndi iyeyo amene anagwira kamera.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wosayina: Eufemia Garduño Sámano