Droni Ili M'chisa

Pa mzere wa ku ofesi ya inshuwalansi, bambo wina woyeza malo anaima atagwira rimoti yokha, ngati munthu wotsala ndi chingwe mbuzi itathawa. Kumbuyo kwake kunali mayi atafungatira laputopu yopsa.

"Chanu chawonongeka n'chiyani, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Droni, mayi. Ndinkajambula nayo munda wa kasitomala, chiwombankhanga n'kuiwakha m'mwamba. Mwezi wathunthu ndangokhala, ntchito yaima."

"Ndiye akupatsani ina?"

"Anati ngati ndi kuba, ndibweretse kalata ya kupolisi. Apolisi anandifunsa kuti wakubayo anavala chiyani."

"Inu munati chiyani?"

"Nthenga. Anandithamangitsa. Nditabwerera kuno anati basi ndi ngozi, ndibweretse zotsala zake."

"Zili kuti?"

"M'chisa, pamwamba pa nsanja ya mafoni. Ndinakwera ndithu, ine ndi mimba yangayi. Ndinapeza mbalame ija itaikirapo mazira awiri. Ndinajambula chithunzi, iyo n'kundijompha pakhutu."

"Pepani. Koma umboni ndi umenewo."

"Ndi umene wandipha. Ataona chithunzicho anati droniyo sinawonongeke, yangosintha ntchito. Tsopano ndi malo ogona, ndipo ine sindinawadziwitse kuti ndayamba kuchititsa lendi."

Mayiyo anayang'ana zikwangwani za pamwamba pa mazenera.

"Ndiye mwaima pa mzere wolakwika, bambo. Za nyumba ndi pa zenera lachitatu."

"Ndachokera komweko, mayi. Akuti ndibwere ndi wokhalamo adzasaine."