Mahinjesi a M'nyumba ya Mizukwa

Kalipentala anali atangopaka guluu pamwendo wa mpando pamene achemwali ake, omwe anali anamwino, anatulukira m'shedi ali chivalire yunifolomu, osapereka ndi moni womwe. Sabata yathayo anamwinowo anali atapeza buku la mizukwa m'chikwama cha mwana wawo wamkazi, ndipo anamuletsa kupondanso ku laibulale kufikira malume ake ataliwerenga n'kugamula, poti iwowo analumbira kuti chinthu chimenecho sangachikhudze.

"Wawerenga?"

"Ndawerenga, achemwali."

Kalipentala analitsitsa bukulo pashelefu, pakati pa zitini za vanishi, n'kuliuzira utuchi. Mtsikanayo anali atamupempha misozi ili lengelenge kuti akanene zoona zokhazokha, ndipo iye sanali munthu wonamiza muyezo.

"Ndiye?"

"Buku loopsa. Mtima unandiwawa."

"Ndinanena ine!" Anamwino anawomba m'manja kamodzi. "Yamba, ndimve."

Anatulutsa sandipepa wakutha m'thumba. Kumbuyo kwake anali atalembako ndi pensulo, mwandondomeko.

"Tsamba 12. Mtsikana wamasiye wafika pasukulu yogonera komweko, chinyumba chakalekale. Chitseko chatseguka chokha, chikulira kuti kwiii."

"Mayo ine! Mzukwa."

"Mahinjesi."

"Wati chiyani?"

"Felemu inapendekeka, mahinjesi sanalawepo mafuta. Chitseko chotero chimatseguka chokha ngakhale kutchalitchi."

"Iwe, ndinakutuma za mizimu."

"Ndikubwera komweko. Tsamba 40. Ana akumva mapazi kusiling'i."

"Eya! Amenewo ndiye mahinjesinso?"

"Ayi, amenewo ndi makoswe."

"Makoswe amavala nsapato?"

Kalipentala anatsegula buku, nayendetsa chala pamzere mosafulumira. Sankafuna kunamizira wolemba.

"Nsapato sanatchule. Angoti mapazi. Makoswe ali nawo, anayi."

Anamwino anakhala pampando uja. Iye anafuna kuwauza kuti guluu sanaume, koma anaona nkhope yawo n'kumeza mawu.

"Tsamba 73. Magazi akuyenderera pakhoma."

"Aaa, pamenepo usanditsutse. Magazi ndiye ntchito yanga."

"Ndi dzimbiri, achemwali. Denga likudontha pamisomali."

"Buku lati magazi!"

"Alipo anawayeza? Inu kuchipatala mumangoyang'ana khoma n'kulemba? Ana aja anangokuwa n'kuthawa. Palibe ndi mmodzi yemwe anakwera kukaona."

"Koma abale, ndinalakwanji ine kubadwa ndi thabwa m'mimba imodzi?"

"Tsamba 110." Apa anatsitsa mawu, poti nkhaniyo inkakhudza ntchito yake. "Apeza bokosi la maliro kuseri kwa khoma. Chivindikiro chikusuntha. Ndinachita manyazi, achemwali. Mnzanga ameneyo anakhoma misomali inayi yokha."

"Wakufa akufuna kutuluka, iwe ukuwerenga misomali?"

"N'chifukwa chake timakhoma isanu ndi itatu. Anga onse ali phee. Sanabwerepo ndi mmodzi yemwe kudzadandaula."

Anamwino anayang'ana kudenga ngati akupempha mphamvu.

"Ndiyankhe mawu amodzi. Bukuli n'labwino kapena n'loipa?"

Iye anaganiza kaye, monga ankachitira asanadule thabwa.

"N'loipa. Limaphunzitsa ana kuthawa chitseko m'malo mochikonza."

"Basi! Malume agamula. Ku laibulale kwatha, mpaka adzakwatiwe."

Kalipentala anapukusa mutu. Si zimene ankatanthauza. Anaona m'maganizo mtsikana uja atakhala pakhonde manja ali m'masaya, wopanda chowerenga.

"Ayi, achemwali, apite ndithu. Angosankha la nyumba yosamalidwa."

"Ndanena ndanena."

"Komatu simunamve za masitepe. Masitepe otsikira kuchipinda cha pansi pa nthaka anadyedwa ndi chiswe. Ine ndikuganiza n'chifukwa chake ana atatu aja sanabwerenso."

Anamwino anali atayamba kunyamula chikwama. Anachisiya.

"Ana ati?"

"Anzake a wamasiye uja. Ankasowa mmodzimmodzi."

"Ankasowa bwanji?"

"Sindikudziwa bwino. Pamene anthu ankangolankhulana ndinkadumphapo."

"Unkadumpha?"

"Panalibe za nyumba."

"Ana atatu asowa pasukulu, makolo sanauzidwe? Apolisi?"

"Mwina anauzidwa m'masamba ndinadumphawo."

"Nanga wamasiyeyo?"

"Anatsikira komweko kukawafuna, ndi kandulo."

"Yekha?"

"Yekha. Pamasitepe opanda pogwira. Ine ndikanaika thabwa limodzi chabe m'mbalimu, ntchito ya theka la tsiku."

"Siya za thabwa! Akuluakulu anali kuti? Amatironi?"

"Amatironi anali pomwepo. Ndiwo anamukhomera chitseko kumbuyo." Anayang'ana pasandipepa, nagwedeza mutu moyamikira. "Loko yabwino yokhayo m'nyumba monsemo. Pamenepo ndinawapatsa ulemu."

"Amatironi? Munthu wopatsidwa ana a eni?" Anamwino anadzambatuka, mwendo wa mpando n'kutsalira pansi. Sanauyang'ane n'komwe. "Mfiti yachabechabe! Ankafuna chiyani kwa mwana wopanda mayi?"

"Anafotokoza, ndikhulupirira. Analankhula masamba anayi."

"Ndiye anati chiyani?"

"Ndinadumpha."

"Mwanayo anatuluka?"

"Chitseko chake n'chochindikala mainchesi awiri, achemwali. Ndi mapewa a mwana sichingatheke. Akanakhala ndi tchizulo…"

"Bwera nalo kuno!"

"Munati simungalikhudze."

Analitsomphola. Anatsegula kumapeto, magalasi ali pamphuno, milomo ikuyenda. Kalipentala anatola mwendo wa mpando, naupukuta guluu ndi chala, kudikira. Anawamva akupuma mwamphamvu, akutembenuza tsamba, kenako akutembenuza chikuto, kenako akuligwedeza bukulo ngati mwina tsamba lina ligwa.

"Latha? Kandulo yazima, chinthu chamugwira phewa, ndiye latha? Wang'amba masamba iwe?"

"Ine sinding'amba za eni. Werengani pansipo. Akuti nkhani ikupitirira m'buku lachiwiri."

"Lili kuti?"

"Ku laibulale."

"Kalitenge."

"Sangandipatse. Amabwereketsa okhawo ali ndi khadi. Pabanja pathu ali nalo ndi mwana wanu yekha."

Anamwino anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Amatseka nthawi yanji?"

"Faifi koloko. Koma zimenezo zilibe ntchito, achemwali. Mwagamula kuti asapondekonso mpaka adzakwatiwe."

"Wagamula ndiwe."

"Ine ndinati apite. Inu munati mwanena mwanena."

"Iwe, mwana wa eni wakhomeredwa pansi mumdima, amatironi akuyendayenda ndi makiyi, ndiye ukundiwerengera mawu? Siya mpandowo, kamuuze mwana wanga avale nsapato athamange!"

Kalipentala anavula epuloni, mtima utakhala pansi, ngakhale sanamvetse kuti mlanduwo wauwina pati. Atafika pakhomo anamva akumuitananso, motsitsa mawu tsopano.

"Ndipo akakamufunsa kumeneko kuti zinthu zauchiwandazi akutengera ndani, akanene kuti n'za malume ake."