Njuchi za a Ndaziona ndi Pepala la Alangizi

Pa ming'oma itatu ya a Ndaziona, mayi wa ku Nsaru wodziwika ndi uchi komanso pakamwa, panatsala umodzi wokha wamoyo, ndipo nawonso njuchi zake zinali kuyoyoka tsiku ndi tsiku. Choncho m'mawa wina wa Seputembala anatsetserekera kudimba kwa mlamu wawo a Levison, munthu woti ukamutuma mchere amafunsa kuti timibulu tingati, atasenza lichero la njuchi zakufa.

"Alamu, onani ntchito ya manja anu!" anatero a Ndaziona, nkulitula lichero pakati pa matimati.

A Levison anapukuta manja, natulutsa pepala m'thumba la malaya. Linali limene alangizi anagawa kukalabu ya alimi, lofufuzira ngati mankhwala opopera mbewu akupha njuchi. Anzawo onse anapichirira fodya mapepala awo, koma iwowa ankalisunga m'pulasitiki ngati khadi la ubatizo.

"Funso loyamba. Zafa zingati?"

"Zingati? Kodi maso mulibe?"

"Pano pali kabokosi, alamu. M'kabokosi mumalowa nambala." Ananjuta nkuyamba kutola. "Wani, thuu, fili..."

"Pomafika handiredi mng'oma wanga ukhala utatha! Ine ndabwera kudzakuuzani kuti musiye kupopera, basi."

"Mwandisokonezatu. Wani, thuu..."

A Ndaziona anagwira m'chiuno. Mtima unkawapweteka zenizeni. Ming'oma imeneyo anaikhoma okha, amuna a m'mudzimo akuwaseka, ndiye lero imfa ya njuchi zawo yasanduka phunziro la masamu.

"Lembani kuti zambiri!"

"Zambiri si nambala, komabe ndalemba. Funso lachiwiri. Kuchokera pamunda kufika pamng'oma pali mapazi angati?" Anadzuka nkuyamba kuponda, chidendene pa chala, chidendene pa chala.

"Abale inu! Njuchi zimayenda pansi, eti?"

"Pepala lati mapazi. Likanafuna mapiko likananena."

"Bwererani kuno, inu! Palibe funso loti munapopera liti? Yankhani limenelo, tione ngati simuchita manyazi."

"Lilipo, koma ndi lachinayi. Tisadumphe."

"Dumphani!"

A Levison anausa moyo ngati awauza kuti abe nkhuku ya abusa. "Ndinapopera pa 3 Ogasiti, dzuwa litapendeka, njuchi zitalowa, mphepo kulibe. Kuyambira pamenepo pampu ili kwa aneba anga a Kenneth, anaithyola chogwirira."

"Bodza!"

"Nanga zanuzo zinayamba kufa liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo. Ndiye kuti mankhwala anuwo ndi achiwembu, amayamba abisala kaye."

"Za kubisala palibe kabokosi kake." Anayendetsa chala pa pepala. "Tibwerere lachitatu lomwe tadumpha. Kodi njuchizo zimamwa kuti madzi?"

Apa a Ndaziona anaseka chiseko chonyoza, chifukwa pa nkhani yosamala njuchi panalibe wowaphunzitsa kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula.

"Mukuganiza kuti njuchi zanga zingamwe matope a m'dimba mwanumu? Ndimaziikira ndekha madzi a pamjigo, pansi penipeni pa mng'oma, ndi timitengo toti zizitera."

"Mumaika m'chiyani?"

"Zimenezonso zili papepala?"

"Zilipo. Funso lachitatu, gawo lachiwiri."

"M'chigubu. Ndinachidula pakati, chokongola, cholimba, osati timabakuli ta masiku ano."

"Munachigula kuti?"

"Kugula? Pamene anthu ena opanda nzeru akukwirira katundu wabwinobwino? Ndinachifukula paja pa chulu. Amene anachikwirira ameneyo mutu wake suyenda bwino, ndithu."

"Choyera, cha mzere wofiira m'munsi?"

"Chomwecho."

"Ndinakwirira ndine. Alangizi anati chigubu cha mankhwala chikatha tizichiboola nkuchikwirira mozama mpaka m'chiuno."

"N'chifukwa chake ndinatha tsiku lonse ndikukumba! Ndipo tibowo tanuto ndinamata ndi phula." Mawu awo anayamba kuchepa. "Komatu ndinachitsuka, alamu. Ndi mchenga."

"Kangati?"

"Kamodzi. Fungo linali lochepa."

"Munachifukula liti?"

A Ndaziona anayang'ana lichero, nayang'ana kumtunda kumene kunali mng'oma wawo wotsalawo. Anakumbukira kuti m'mawa womwewo, asanabwere kudzalalata, anali atathiramo madzi ena mpaka m'milomo.

"Sabata ziwiri," ananong'ona.

"Ziwiri," anabwereza a Levison, akulemba mosamala m'kabokosi. A Ndaziona anali atakwinya kale chitenje kuti athamange, koma mlamuyo anakweza cholembera.

"Taimani kaye, latsala limodzi. Akuti dzina la mlimi amene wathira mankhwala. Ndilembe Ndaziona, kapena mumakonda la kutchalitchi lija la Ursula?"